Kodi Kudya Kokonati Kumapindulitsa Thupi? Mafunso ndi Mayankho

Kokonati ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa anthu mamiliyoni ambiri okhala m'mphepete mwa nyanja zamchere za m'madera otentha, ndipo m'zaka zaposachedwapa mafuta ndi madzi ake atchuka ngakhale m'maiko amene mtengo wake sumera, chifukwa amalonda akhala akuwatsatsa ngati zinthu zochiritsa. Nthawi yomweyo madokotala a matenda a mtima akhala akuchenjeza za mafutawo, kotero kuti munthu wofuna kusamala thanzi lake amamva mawu awiri otsutsana. Mayankho otsatirawa akulekanitsa zimene kafukufuku watsimikiza ndi zimene zimangonenedwa, ndipo akusonyeza kuti ubwino kapena kuipa kwa kokonati kumadalira mbali imene munthu akudya, kuchuluka kwake, ndi zakudya zina zimene amadya pamodzi naye.

Kodi kokonati ndi chomera cha mtundu wanji, ndipo amalimidwa kuti?

Mtengo wa kokonati, umene akatswiri a zomera amautcha Cocos nucifera, uli m'banja limodzi ndi kanjedza ndi mgwalangwa, ndipo umakula bwino m'nthaka ya mchenga ya m'madera otentha, achinyezi, olandira mvula yambiri. Maiko atatu amene amakolola kokonati wochuluka kuposa ena onse ndi Indonesia, Philippines ndi India. Mu Africa muno amalimidwa kwambiri kugombe kwa nyanja zamchere ku Tanzania, Kenya, Mozambique, Ghana ndi Nigeria. Chigawo cha Zambezia ku Mozambique, makamaka madera ozungulira mzinda wa Quelimane, chinali ndi minda ikuluikulu ya kokonati kufikira pamene matenda ochititsa masamba chikasu mpaka mtengo kuuma anapha mitengo yambirimbiri. Ku Malawi mitengoyi imapezeka mwa apo ndi apo m'madera otentha a m'mphepete mwa nyanja, kotero kuti mabanja ambiri sadalira kokonati monga mmene amadalirira mtedza, ndipo ambiri amakumana naye pamsika ali chipatso chathunthu, kapena m'sitolo ali mafuta a m'botolo, mkaka wa m'chitini ndi zopalapala zouma zothira m'makeke.

Kodi zinthu zonse zochokera ku kokonati ndi zofanana m'thupi?

Sizofanana, ndipo chisokonezo chachikulu pa nkhaniyi chimayamba pamene anthu azitchula ndi dzina limodzi ngati kuti ndi chakudya chimodzi. Kokonati wanthete amakhala wodzaza ndi madzi oyera otsekemera pang'ono, amene alibe mafuta enieni, ndipo mnofu wake umakhala wopyapyala ndi wofewa. Chipatso chikamakhwima, madzi amachepa ndipo mnofu woyera womatira ku chigoba umakandapala, umalimba, n'kudzaza mafuta. Mnofu wokhwimawo ukapalidwa, n'kusakanizidwa ndi madzi, kenako n'kufinyidwa, pamatuluka msuzi woyera umene umatchedwa mkaka wa kokonati. Mnofu womwewo ukaumitsidwa umatchedwa kopra, ndipo ndi umene mafakitale amayengamo mafuta. Zotsala mafuta akachotsedwa zimaperedwa kukhala ufa wa kokonati, pamene shuga wa kokonati amapangidwa pophika timadzi totuluka ku maluwa a mtengowo akatemedwa. Motero madzi, mnofu, mkaka, mafuta, ufa ndi shuga ndi zakudya zisanu ndi chimodzi zosiyana, ndipo zimene zili zoona pa chimodzi sizikhala zoona pa zinzake.

Kodi mu mnofu wa kokonati wokhwima muli zotani?

Magalamu 100 a mnofu wosaphika ali ndi makalori pafupifupi 354, kalori pokhala muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapereka ku thupi. M'magalamu omwewo muli magalamu pafupifupi 33 a mafuta, magalamu 9 a faiba, magalamu 6 a shuga wachilengedwe ndi magalamu 3 okha a mapuloteni, amene ndi zomanga thupi. Faiba ndi ulusi wa m'zomera umene sugayika m'mimba, koma umathandiza matumbo kugwira ntchito bwino, umachepetsa kudzimbidwa, ndipo umachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi munthu akadya. Mnofuwu ulinso ndi michere ya m'thupi monga manganizi, kopa, ayironi ndi potaziyamu, ngakhale kuti mavitamini ake ndi ochepa poyerekeza ndi a zipatso monga mango, mapapaya ndi magwafa.

Ziwerengerozi zikusonyeza kuti ngakhale kokonati ndi chipatso, m'thupi amagwira ntchito ya chakudya chamafuta. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa ku Malawi, malo ake ndi m'gulu la zamafuta, limodzi ndi mapeyala ndi mafuta ophikira, ndipo sangalowe m'malo mwa zipatso, nyemba kapena nsomba. Kwa munthu wogwira ntchito ya kalavulagaga, kapena amene chakudya chake sichimpatsa mphamvu zokwanira, kuchuluka kwa mafutaku ndi phindu. Kwa munthu wokhala pansi tsiku lonse amenenso thupi lake likunenepa, kuchuluka komweko ndi chinthu choyenera kusamala nacho.

N'chifukwa chiyani mafuta a kokonati amabutsa mkangano pakati pa amalonda ndi madokotala?

Mafuta onse a m'zakudya amapangidwa ndi timagawo totchedwa maasidi a mafuta, ndipo akatswiri amawagawa m'magulu awiri akuluakulu. Gulu loyamba ndi la mafuta oundana, amene amalimba kukazizira, monga a ng'ombe, a nkhumba ndi batala. Gulu lachiwiri ndi la mafuta osaundana, amene amakhalabe amadzimadzi, monga a mpendadzuwa, a soya, a mtedza ndi a maolivi. Ngakhale mafuta a kokonati amachokera ku chomera, magawo pafupifupi 82 pa 100 alionse ndi oundana, zimene zikuposa batala, amene ali ndi magawo 63, ndi mafuta a ng'ombe, amene ali ndi magawo 50. Mafuta a mtedza ali ndi magawo osafika 20 pa 100, ndipo a mpendadzuwa ndi ochepera apo. N'chifukwa chake botolo la mafuta a kokonati limaundana n'kuyera m'nyengo yozizira, popeza mafutawa amasungunuka pokhapokha kutentha kukafika madigiri pafupifupi 24.

Vuto la mafuta oundana lili pa kolesterolo, chinthu chonga phula chimene chiwindi chimapanga ndipo thupi limachifuna pomanga maselo ndi mahomoni ena. Kolesterolo amayenda m'magazi atanyamulidwa ndi tinthu ta mitundu ingapo, ndipo iwiri yodziwika kwambiri imatchedwa LDL ndi HDL. LDL akachuluka kwa zaka zambiri, kolesterolo amalowa m'makoma a mitsempha ya magazi n'kuunjikana, mtsempha umachepa njira, ndipo tsiku lina magazi akaundana pamalo otero, munthu amadwala mtima mwadzidzidzi kapena kuchita sitiroko, kumene ndi kufa kwa mbali ina ya ubongo chifukwa chosalandira magazi. Mafuta oundana amachepetsa mphamvu ya chiwindi yochotsa LDL m'magazi, ndipo pa chifukwa chimenechi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linabwereza mu 2023 malangizo ake akuti mafuta oundana asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu zonse zimene munthu amapeza m'chakudya. Kwa munthu wamkulu wodya makalori 2,000 patsiku, malire amenewa ndi magalamu pafupifupi 22. Masupuni aakulu awiri a mafuta a kokonati amakwanitsa kale malirewo, ndipo magalamu 100 a mnofu, amene ali ndi magalamu pafupifupi 30 a mafuta oundana, amawapitirira.

Kodi kafukufuku woyesa mafuta a kokonati pa anthu wapeza zotani?

Mu 2017 bungwe la madokotala a mtima la American Heart Association linafalitsa chikalata chounika maumboni onse okhudza mafuta a m'zakudya, ndipo linalangiza kuti anthu asamagwiritse ntchito mafuta a kokonati pophika tsiku ndi tsiku chifukwa amakweza LDL popanda phindu lodziwika lobwezera kuipako. Mu 2020 magazini ya zachipatala ya Circulation inafalitsa ntchito ya Nithya Neelakantan ndi anzake a ku National University of Singapore, amene anaphatikiza zotsatira za mayeso 16 ochitidwa pa anthu. Iwo anapeza kuti poyerekeza ndi mafuta osaundana monga a soya, a maolivi ndi a mpendadzuwa, mafuta a kokonati amakweza LDL ndi mamiligalamu pafupifupi 10 pa desilita iliyonse ya magazi, amakweza HDL ndi mamiligalamu pafupifupi 4, ndipo sasintha kulemera kwa thupi kapena kuchuluka kwa shuga m'magazi.

Pali zotsatira zina zimene oikira kumbuyo mafutawa amazitchula, ndipo n'zoyenera kuzimva. Mu 2018 Kay-Tee Khaw wa ku yunivesite ya Cambridge ndi anzake anapatsa anthu magalamu 50 patsiku a batala, a mafuta a maolivi kapena a mafuta a kokonati kwa milungu inayi, ndipo anapeza kuti batala anakweza LDL kuposa mafuta awiri enawo. Izi zikugwirizana ndi zimene mayeso ena asonyeza, zoti mafuta a kokonati sakweza LDL ngati mmene batala amachitira, ngakhale kuti m'mayeso ambiri amamukweza kuposa mafuta osaundana. Ambiri mwa mayesowa anali a milungu kapena miyezi yochepa ndipo ankayeza makamaka magazi, kotero kuti chiweruzo cha madokotala chatsamira pa mfundo yotsimikizika kuchokera ku kafukufuku wa zaka makumi ambiri, yoti chilichonse chokweza LDL kwa nthawi yaitali chimakweza chiopsezo cha matenda a mtima.

Popeza mafutawa amakwezanso HDL, kodi ubwino umenewu sufafaniza kuipa kwake?

HDL amatchedwa kolesterolo wabwino chifukwa amathandiza kubweza kolesterolo ku chiwindi, komanso chifukwa anthu amene ali ndi HDL wokwera kawirikawiri sadwaladwala mtima. Komabe mankhwala angapo amene anapangidwa kuti akweze HDL anayesedwa pa anthu zikwizikwi, ndipo ngakhale HDL anakweradi, imfa ndi matenda a mtima sizinachepe monga mmene ofufuza ankayembekezera, pamene mankhwala otsitsa LDL akhala akuchepetsa matendawa mobwerezabwereza. Choncho kukwera kwa HDL sikuwerengedwa ngati chitetezo chokwanira kulipira kukwera kwa LDL.

Mfundo ina imene amalonda amaikonda ndi yoti mafuta a kokonati amawondetsa. Chiyambi chake ndi kafukufuku wa Marie-Pierre St-Onge ndi anzake wa mu 2003, amene anasonyeza kuti maasidi a mafuta a utali wapakatikati, odziwika ndi zilembo za MCT, amapita molunjika ku chiwindi kumene amatenthedwa msanga m'malo mosungidwa. Mafuta amene anagwiritsidwa ntchito pa kafukufukuyo anali okonzedwa mwapadera kuti akhale ndi maasidi otero ochuluka, pamene m'mafuta a kokonati wamba maasidiwa ndi gawo laling'ono, pafupifupi 15 pa 100. Pafupifupi theka la mafuta a kokonati ndi asidi wotchedwa lauric, amene mbali yake yaikulu imayenda m'thupi monga mmene mafuta ena oundana amayendera. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta a kokonati ili ndi makalori pafupifupi 120, chimodzimodzi ndi mafuta ena alionse, ndipo munthu amene amaithira mu tiyi kapena m'phala kuti aonde akungowonjezera mphamvu zimene thupi lake lidzasunga.

Nanga bwanji anthu a kuzilumba amene amadya kokonati wambiri koma sadwala mtima?

Funso limeneli lili ndi maziko enieni. Mu 1981 dokotala wa ku New Zealand, Ian Prior, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza pa zilumba za Tokelau ndi Pukapuka m'nyanja ya Pacific. Anthu a ku Tokelau ankapeza magawo 63 pa 100 a mphamvu zawo kuchokera ku kokonati, a ku Pukapuka magawo 34, ndipo m'magulu onse awiri matenda a mitsempha ya mtima anali osowa. Dokotala wa ku Sweden, Staffan Lindeberg, anapeza zofanana pa chilumba cha Kitava ku Papua New Guinea chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kumene anthu ankadya zilazi, mbatata, zipatso, nsomba ndi kokonati, ndipo sanapeze umboni wa sitiroko kapena wa imfa zadzidzidzi za mtima.

Zinthu zitatu ziyenera kukumbukiridwa powerenga zotsatirazi. Choyamba, anthuwa ankadya mnofu ndi mkaka wofinya okha, momwe faiba ndi michere zimakhalamo, ndipo sankathira mafuta oyengedwa pa zakudya za m'fakitale. Chachiwiri, moyo wawo wonse unali wosiyana ndi wa m'mizinda, popeza ankadya nsomba zambiri, shuga ndi ufa woyera zinali zosowa, ndipo ankagwira ntchito ndi manja awo kumunda ndi panyanja. Chachitatu, ngakhale pakati pa zilumba ziwirizo, anthu a ku Tokelau, amene ankadya kokonati wochuluka, anali ndi kolesterolo wokwera kuposa anzawo a ku Pukapuka. Anthu a ku Tokelau amene anasamukira ku New Zealand n'kuyamba kudya nyama, buledi ndi shuga wambiri ananenepa ndipo matenda a shuga anachuluka pakati pawo. Phunziro lake ndi lakuti thanzi la anthu a kuzilumba linachokera ku kadyedwe ndi kakhalidwe kawo konse, ndipo munthu wa mumzinda sangalipeze pongogula botolo la mafuta.

Kodi madzi a kokonati angathandize munthu wotsegula m'mimba kapena wodwala kolera?

Madzi a kokonati wanthete ndi chakumwa chabwino kwa munthu wathanzi. Mamililita 100 ali ndi makalori osafika 20, amene ndi ochepera theka la a zakumwa zoziziritsa kukhosi za m'mabotolo, ndipo ali ndi potaziyamu wambiri, mchere umene umathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito. Chipatso chikakhala chosang'aluka, madzi a m'kati mwake amakhala aukhondo, chimene ndi chinthu cha mtengo wapatali kumene madzi akumwa ndi okayikitsa.

Koma madziwa sangalowe m'malo mwa ORS, madzi a shuga ndi mchere obwezeretsa madzi m'thupi, amene ku Malawi amadziwika ndi dzina la Thanzi. Munthu akamatsegula m'mimba, makamaka ndi kolera, amataya madzi pamodzi ndi sodiyamu wambiri, amene ndi mchere wa m'magazi, ndipo matumbo amamwa madzi msanga pokhapokha sodiyamu ndi shuga zikalowa pamodzi pa muyeso woyenera. ORS amene WHO ndi UNICEF amavomereza ali ndi mamilimolo 75 a sodiyamu ndi mamilimolo 20 a potaziyamu pa lita imodzi. Madzi a kokonati ali ndi muyeso wotembenuka, popeza potaziyamu wake amaposa wa ORS kawiri kapena katatu, pamene sodiyamu wake ndi wochepa ndipo amasinthasintha malinga ndi kukhwima kwa chipatso. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, unasonyeza mmene kutha kwa madzi m'thupi kumaphera m'maola ochepa. Wodwala amwetsedwe ORS mosalekeza ndi kuthamangitsidwa kuchipatala, mwana apitirize kuyamwa ndi kulandira mapiritsi a zinki, ndipo madzi a kokonati akhale chowonjezera chabe ngati alipo.

Kodi mkaka wa kokonati ungalowe m'malo mwa mkaka wa ng'ombe kapena wa m'mawere?

Sungalowe m'malo mwake, chifukwa chofanana ndi mkaka weniweni ndi kuyera kokha. Mkaka wa kokonati ndi mafuta osakanikirana ndi madzi, uli ndi mapuloteni ochepa, ndipo kashiamu wake, mchere umene umalimbitsa mafupa ndi mano, ndi wochepa kwambiri pokhapokha fakitale itachita kumuthiramo. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika kuyamwa mwakathithi popanda chakudya kapena chakumwa china chilichonse, ndipo mwana wokulirapo amene wayamba kudya phala amapindula kwambiri ndi nsinjiro, ufa wa soya, dzira kapena ufa wa usipa, zimene zimapereka mphamvu pamodzi ndi zomanga thupi. M'dziko limene kafukufuku wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali okwinimbira, kusiyana kumeneku n'kofunika kukudziwa.

Ntchito yeniyeni ya mkaka wa kokonati ndi ya kukhitchini. Ku Mozambique amaphikira matapa, ndiwo za chigwada chosinja chothiridwa mtedza ndi mkaka wa kokonati, ndipo ku Zambezia amakometsera nawo nkhuku yowotcha, pamene kugombe kwa Tanzania ndi Kenya amaphikira mpunga, nyemba ndi nsomba. Kadyedwe kotere kali ndi nzeru, chifukwa mkaka wa chipatso chimodzi umagawidwa pa banja lonse, umadyedwa ndi masamba ndi nsomba, ndipo mafuta ake amathandiza thupi kuyamwa vitamini A wochokera m'masamba obiriwira, monga mmene nsinjiro zimachitira m'ndiwo zotendera.

Kodi mafuta osayengedwa, ufa ndi shuga wa kokonati ndi zabwino kuposa zinzake?

Mafuta osayengedwa, amene pabotolo amalembedwa kuti virgin, amafinyidwa kuchokera ku mnofu watsopano popanda kutenthetsa kwambiri, ndipo amasunga fungo la kokonati ndi tizinthu tina tochepa toteteza maselo. Mafuta oyengedwa amachokera ku kopra ndipo amachotsedwa fungo ndi mtundu. Komabe maasidi a mafuta ndi omwewo m'mitundu yonse iwiri, kotero kuti kuchuluka kwa mafuta oundana sikusintha. Pali chinthu chinanso choyenera kuganizira ku Malawi, kumene malamulo amafuna kuti mafuta ophikira a m'fakitale athiridwe vitamini A. Mafuta a kokonati mwachilengedwe alibe vitamini ameneyu, ndipo banja limene lasiya mafuta wamba n'kumagula a kokonati pa mtengo wokwera likhoza kutaya chimene ana ake amafunikira.

Ufa wa kokonati uli ndi faiba wambiri ndipo mafuta ake ndi ochepa, komanso ndi wothandiza kwa anthu amene matupi awo sagwirizana ndi tirigu. Shuga wa kokonati mbali yake yaikulu ndi shuga yemweyo wopezeka mu nzimbe, ndipo michere yochepa imene ilimo siimusandutsa chakudya choyenera munthu wa matenda a shuga.

Kodi n'zoona kuti mafuta a kokonati amachiza matenda?

Palibe matenda aakulu amene mafuta a kokonati atsimikizika kuti amachiza. Nkhani zoti amachiza matenda a kuiwala a Alzheimer, khansa, shuga kapena kachilombo ka HIV zachokera pa maumboni a munthu mmodzimmodzi ndi pa zoyesa za m'labotale, kumene asidi wa lauric amapha tizilombo tina m'mbale yoyesera. Zimene zimachitika m'mbale ya labotale sizitanthauza kuti zichitikanso m'magazi a munthu amene wamwa mafutawo, ndipo munthu wosiya ma ARV, mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga chifukwa cha malonjezo otere akuika moyo wake pachiswe. Phindu limene mayeso aang'onoang'ono asonyeza lili kunja kwa thupi: mafutawa amafewetsa khungu louma, amachepetsa kuyabwa kwa ana ena amene ali ndi chikanga chosakula, ndipo amateteza tsitsi kuti lisawonongeke msanga.

Kodi kokonati wowonongeka angavulaze munthu?

Angavulaze, ndipo nthawi zina angaphe. Mnofu ukaswedwa kapena kupalidwa umawonongeka msanga m'malo otentha, ndipo mkaka wofinya umasasa m'maola ochepa ukapanda kuphikidwa kapena kuikidwa m'firiji. Kopra wosauma bwino amachita chuku chofanana ndi cha mtedza ndi chimanga, chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Choopsa kwambiri ndi asidi wa bongkrek, poizoni wopangidwa ndi bakiteriya wa Burkholderia gladioli, amene anadziwika chifukwa cha imfa zambiri pa chilumba cha Java ku Indonesia pakati pa anthu odya chakudya chowiritsa cha zotsala za kokonati, mpaka boma linaletsa chakudyacho mu 1988. Poizoni ameneyu alibe fungo, alibe kukoma, ndipo safa ndi moto. Ndi yemweyo amene mu Januwale 2015 anapha anthu 75 ku Chitima m'chigawo cha Tete ku Mozambique atamwa mowa wa masese pamaliro, ngakhale kuti kumeneko bakiteriyayo anachokera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi osefukira. Kokonati wong'aluka, wotuluka madzi m'maso mwake, wonunkha kusasa, kapena amene mnofu wake wasintha mtundu n'kuterera, atayidwe osalawa.

Ndani ayenera kusamala kwambiri, ndipo muyeso woyenera ndi wotani?

Oyenera kusamala koposa ndi anthu amene ali ndi kolesterolo wokwera, matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga kapena kunenepa kwambiri, ndi amene anachitapo sitiroko. Anthu otere si ochepa, popeza kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Odwala impso, ndi amene akumwa mankhwala osunga potaziyamu m'thupi, afunse dokotala asanazolowere kumwa madzi a kokonati, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima.

Kwa munthu wathanzi, kachidutswa ka mnofu ka magalamu 30 kali ndi magalamu pafupifupi 9 a mafuta oundana, ndipo kakhoza kudyedwa popanda nkhawa ngati tsiku limenelo sakudyanso nyama yonona, batala ndi zokazinga zambiri. Mkaka wa kokonati ndi woyenera kukometsera ndiwo za masamba, nyemba ndi nsomba kangapo pa mlungu, ndipo madzi a kokonati wanthete amaposa zakumwa zothira shuga. Mafuta a kokonati asungidwire zakudya zochepa zimene zimafuna fungo lake komanso kudzola pakhungu, pamene mafuta ophikira tsiku ndi tsiku akhale a mpendadzuwa, a soya kapena a mtedza, othiridwa mosapyola muyeso. Kokonati ndi chakudya chabwino akadyedwa wathunthu, pang'ono, pakati pa zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, koma si mankhwala, ndipo banja limene lili ndi ndalama zochepa lidzapindula kwambiri likagula mtedza, usipa, nyemba ndi masamba kusiyana ndi botolo lodula la mafuta a kokonati.